Khoma la Pageti pa Che Lini

Sonkhezani kaye uvuniwo, mbali iyo nkhuni zanyeka, njerwa zingatuluke zosapsa. Thobwa ndi ilo, koma kapu ndi imodzi, muzilandizana. Tsono iwe Lufeyo, ndamva kuti nyumba ukufuna kumangayi wati khomo lake liyang'anizane ndi geti ndendende, kuti mlendo akangolowa aziona mipando yako ya sofa. Hede! Takhala pansi apo ndikuuze za a Makwinja. Ine ndinali neba wawo, zimenezi sindinachite kumva kumjigo ayi.

Kumunsi kwa Zomba, kusikimu ya mpunga kumene ndinakwatiwa ine, kunali nyumba ina imene tinkangoti kwa Che Lini. Che Lini ameneyu anali mkulu wochokera kumaiko a kum'mawa uko, anabwera kalekale kudzaphunzitsa anthu kuwokera mpunga m'mizere. Ine sindinamupeze, anali atabwerera kwawo. Inatsala ndi nyumba yakeyo. Denga la matailosi, ngodya zake zopindikira m'mwamba ngati nyanga za ng'ombe, pamwamba pake titandanda tizilombo tadothi. Chiundo cha pakhomo chinali thabwa lofika m'msongolo, polowa umachita kulidumpha. Koma chimene chinkatiseketsa tonse ndi khoma. Ukangotsegula geti, khoma ili patsogolo pako, loima palokha, losanyamula denga, losatchinga mbuzi. Kuti ufike pakhomo umayenera kulilambalala, kukhotera kumanja kapena kumanzere.

Nyumba imeneyi anaigula ndi a Makwinja, bambo wa lole, wonyamula mpunga kupita nawo kutauni. Munthu wamawu okweza, wosachedwa kupsa mtima, koma kwa mkazi wawo Enelesi anali ngati mwanawankhosa. Enelesi anali atapita padera kangapo, ndiye pathupi pamene analowa napo m'nyumbamo a Makwinja ankapasamala koposa lole yawo.

A Makwinja anali ndi mchemwali wawo wamng'ono, dzina lake Ndaziona, wa kuyunivesite. Mukudziwa zimene ankaphunzira? Mbiri ya zojambula, zosema ndi kamangidwe ka nyumba za anthu a ku China, ku Japan ndi ku Korea. Ine ndinamufunsa pamaso kuti, "Iwe mwana, anzako akuphunzira unamwino, iwe uli kalikiliki ndi madenga a eni ake. Udzadya matailosi?" Iye anangoseka. Atabwera kutchuthi n'kuiona nyumbayo, anachita ngati watola chikwama. Tsiku lonse ali ndi tepi kuyeza makoma, kujambula ndi foni, kukwera pamakwerero kukapukuta tizilombo tija. Ankati nkhani yake yomalizira sukulu alemba za nyumba yomweyo.

Tsiku lina ndikupeta mpunga pabwalo pawo, ndinamufunsa za khomalo.

"A Nangondo," anatero, "khoma ili si lolakwitsa ayi. Kwawo kwa Che Lini, nyumba zakale ankamanga chonchi. Limatchinga mphepo, komanso odutsa asamaone za m'nyumba. Koma akuluakulu akumeneko ankakhulupiriranso kuti mizimu yoipa imayenda molunjika basi, siitha kukhota. Ikalowa pageti n'kupeza khoma, yathedwa. Thabwa la pakhomolo ndi chimodzimodzi, akuti siitha kukweza mwendo."

"Ndiye iwe ukukhulupirira?"

"Aaa, a Nangondo, izo n'za pamayeso," anatero, tonse n'kuseka.

A Makwinja khomalo linkawanyansa. Lole inkalephera kulowa, inkagona kunja kwa mpanda, akuba n'kumapopa dizilo. Ndaziona anawachonderera kuti, "Achimwene, musaligwetse, mundiwonongera ntchito yanga ya kusukulu." Iwo anati, "Wajambula kale, zithunzizo zikukwanira." Anadikirabe pang'ono chifukwa cha iye. Koma m'mawa wina Enelesi anapunthwa pathabwa lija ali ndi ndowa kumutu, n'kugwada pansi. Sanavulale, koma a Makwinja anayera m'maso. Tsiku lomwelo anatenga sowo n'kudula thabwalo, ndipo ukali wawo anakathera pakhoma ndi hamala. Pofika madzulo njerwa zinali mulu pambali pa mpanda. Ukaima pamsewu unkaona geti, khomo, kanjira ka m'kati mwa nyumba, mpaka bedi la kuchipinda chomalizira, zonse pamzere umodzi.

M'mawa mwake ndikupita kudimba, ndinaona chinthu chimene sindinachilabadire. Udzu wonse unali ndi mame, koma panali kamzere kouma, kukula kwake ngati podutsa munthu mmodzi. Kanachokera kudambo, kudutsa m'minda ya mpunga, kuwoloka msewu, n'kukathera pageti pa a Makwinja. Mpunga umene unali pamzerepo unali utapatukana uku ndi uku. Ndinati mwina ndi mbuzi ya wina yakoka chingwe. Koma nkhuku zikafika pamenepo zinkaima, kupendeka mitu, kenako kuuluka n'kukatera mbali inayo. Galu wa a Makwinja, amene ankauwa ngakhale abusa, anasamukira kukhitchini kwanga, ndipo anakana kubwerera.

Patangopita masiku, dzuwa litapendeka, ndikuchokera kudimba komweko, ndinaona munthu akubwera kuchokera kudambo. Inu mukudziwa, m'sikimu munthu amayenda pamigula, kukhota pamene mgula wakhota. Uyu ayi. Ankangodula m'madzi momwemo, m'matope, pakati pa mpunga wa eni ake, ndipo madzi osamveka khuvu. Ndinaima pambali kuti ndimukalipire. Atafika pafupi sanatembenuze mutu kundiyang'ana, anangolankhula maso ali kutsogolo.

"Atsegula kodi?"

"Atsegula chiyani, bambo? Mulibe moni kwanu?"

Anangopitirira. Ine ndinawerama kutula dengu, ndipo podzuka msewu unali mbee. Mukandifunsa nkhope yake, sindikuidziwa. Ndinaiona, koma sinakhale m'mutu. Chimene ndikukumbukira n'choti buluku lake linali louma.

Ndiye zinthu zinayamba kusowa. Woyamba unali munsi umene Enelesi anausiya pabwalo, chapakati pa geti ndi khonde. Anabwera kwathu monyengerera, amvekere, "Amayi, kapena munabwereka munsi uja?" Ine ndinati, "Enelesi, ine ndili ndi minsi iwiri, wachitatu ndikasinjire chiyani, miyala?" Tinakhala osalankhulana bwino, mpaka m'mawa wina munsi uja unapezeka uli gone pamalo pomwe unasowera. Enelesi poutola anauponyanso pansi. Unali wozizira ngati wagona m'chitsime. M'mawa womwewo a Makwinja anali pakhonde akutukwana, nsapato yawo imodzi imene anaivula pakhomo kulibe.

Nsapato inabwera itafuna yokha, nayonso yozizira. Tsiku limene inabweralo, thadzi limene linkafungatira mazira m'dengu, m'kanjira ka m'kati muja, linasowa. Mazira onse ali momwemo, nthenga palibe, magazi palibe. A Makwinja anati ndi vumbwe. Ine ndinafunsa kuti vumbwe wake uti wobweza nsapato, iwo anati ndizipita kwathu.

M'masiku omwewo Enelesi anachira kuchipatala, mwana wamkazi. Eee, chimwemwe chake! A Makwinja anayenda mudzi wonse akuliza hutala ya lole. Kamwanako kanali kolira, inu. Kakayamba, ine kwathu ndinkasiya kumva wailesi. Anakagoneka pabedi lija la kuchipinda chomalizira, ndipo a Makwinja kakamalira ankangoti, "Musiyeni alire, ndadikira kulira kumeneku zaka zambiri."

Amene anazindikira ndi Ndaziona. Ndinamupeza masana ataima pageti, tepi ili m'manja. Anandigwira mkono n'kuyamba kuloza.

"A Nangondo, munsi unali apo. Nsapato apo, pakhomo. Nkhuku umo, m'kanjira. Taonani, zonse pamzere umodzi, ndipo chilichonse chili m'kati kuposa chinzake. Kutsogolo kwa dengulo kwatsala chiyani?"

Ndinayang'ana. Chitseko cha kuchipinda chinali chotsegula, ndipo pabedi pankaoneka kashawelo koyera.

Ndaziona anathamangira achimwene ake. Iwo poyamba anaseka. "Iwe si uja unkati n'za pamayeso?" Koma Enelesi anamva, n'kuyamba kulira, amvekere, "Abambo, ngati simumanga khomalo, ine ndinyamula mwana ndizipita kwa amayi lero lomwe." Basi, a Makwinja anatulutsa lole, anaitana amuna anzawo, matope anapondedwa. Ndaziona ali ndi zithunzi zake pafoni, akuloza kuti apa likwere chonchi, apa lifike apa. Ngakhale thabwa la pakhomo analikhomereranso ndi misomali, kungoti pakati pamene panadya sowo panatsala mpata. Dzuwa likamafiira khoma linali litaima, lonyowa, lopindika pang'ono, koma khoma ndithu. Tinapuma. Ine mpaka ndinaseka Ndaziona kuti matailosi aja ayamba kudyetsa.

Nthawi imeneyo Enelesi anali kuchipinda, akuvula mwana kuti amusambitse, ndipo mwanayo anali atatsegula kukhosi konse monga mwa masiku onse. Tili chiseke pabwalo, kulirako kunaduka pakati. Osati kutonthola pang'onopang'ono muja achitira mwana akapatsidwa bere. Kungoduka, zii. Tinayang'anizana. Kenako tinamva tiphazi, tswa tswa tswa, m'kanjira muja. Thadzi lija linatulukira, n'kudumpha thabwa, n'kuima pakhonde likunjenjemera, nthenga zili nyankhalala.

Ndaziona anangokhala pansi pomwepo, m'matope.

Mwana anali moyo. Maso ali tong'o, kukamwa akutsegula, nkhope ikukwinyika ngati akulira, koma mawu osatuluka ngakhale pang'ono. Bere anakana. Thupi lake linali lozizira ngati munsi uja. A Makwinja anathamangira naye kuchipatala pa lole. Anamuyeza, anamumvetsera pachifuwa, anamugoneka, osapeza kanthu. Anamudontheza mkaka ndi kachubu, koma liwombo linkangolowa. Enelesi ataona kuti palibe chikusintha anapempha kuti atuluke, ndipo sanafune kupondanso m'nyumba muja. Anadzagona kwathu, pamphasa panga.

Tsono apa mverani bwino. Mwana ali kwathu, chete. Koma kulira kwake kunkamveka kwa a Makwinja. Masanasana, dzuwa lili paliwombo, nyumba ili pululu. Kunkayambira kuchipinda chomalizira, kubwera m'kanjira, kutuluka pakhomo, kudutsa pabwalo mpaka pakhoma latsopano lija. Pamenepo kunkaima kanthawi, kenako n'kubwerera momwemo, mpaka kukagunda khoma la kuchipinda. Uku ndi uku, osapuma. Enelesi akamva, mkaka unkangochucha pamalaya, mwana ali m'manja mwake osayamwa. Ine ndaona maliro ambiri, koma chisoni ngati chimenecho sindinachione.

A mpingo anabwera kudzapemphera. Anaima pabwalo n'kuyamba nyimbo mwamphamvu. Kulira kuja kutadutsa pakati pawo, nyimbo inathera m'kamwa, amayi ena anathawa kusiya nsapato. Anthu ankaima kutali, kumsewu, manja ali m'khosi. Ngakhale ana osewera anasiya phokoso m'mudzimo.

Tinakhala pakhonde panga, ine, a Makwinja ndi Ndaziona. Mtsikanayo maso anali atatupa.

"Achimwene, tinachedwa. Pomwe timamanga khoma chinali chitalowa kale, ndiye tachitsekera m'kati. Mabuku onse amene ndawerenga amanena za kutchinga kuti chisalowe. Palibe limene linandiuza chochita chikalowa."

"Ndiye tigwetsenso, chituluke," ndinatero ine.

A Makwinja anapukusa mutu. Munthu wamawu okweza uja ankalankhula motsitsa moti ndinachita kusendera. "Chikatuluka, chituluka ndi chimene chanyamula. Munsi unabwera chitatenga nsapato. Nsapato inabwera chitatenga nkhuku. Sichitula pokhapokha chitapeza china."

Anayesa. Anamangirira mbuzi pamzerepo, mbuzi inalira mpaka kusasa mawu, koma m'mawa inali pomwepo. Anabwereka mwanawang'ombe, chimodzimodzi. Kulira kwa mwana kunkangodutsa. Palibe amene ananena, koma tonse tinadziwa kuti chalawa munthu, za ziweto sichikuzifunanso. Mwana anali atayamba kutseka maso nthawi yaitali, timanja tili lende.

M'mawa mwake, mame asanaume, a Makwinja anabwera kwathu atasamba, atavala malaya a kutchalitchi. Anamutenga mwana, anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kumubwezera kwa mayi ake. Anati, "Enelesi, muike pabere, usamuchotse." Kenako anauza Ndaziona kuti, "Ndikukaboola khoma la kuchipinda, cha kuseri, kuti chipitirire ulendo wake. Ndikamaliza, udzatsekenso. Makiyi a lole ali pawindo." Ine m'mutu mwanga munali mwana basi, za malaya ndi makiyizo sindinaziganizire.

Ine ndi Ndaziona tinawatsatira kuseri kwa nyumba, ndipo amuna angapo anaima chapatali. Hamala inayamba, gu, gu, gu. Kulira kuja kunali kutali, cha kugeti. Njerwa zinagwera m'kati, bowo linakula mpaka kufika poti munthu n'kudutsa. Kudzera pabowopo tinaona bedi, kanjira, khomo, ndi khoma lija kumapeto. Kulira kunayamba kubwera.

"Achimwene, basi, chokanipo!" Ndaziona anakuwa. "Imani pambali! Muli pamzere!"

"Ndakumva, Ndazi," anatero iwo. Anaika hamala pansi bwinobwino, n'kuima chilili pakati pa bowolo, manja ali m'mbali. "Pita ukaone mwana."

Ndaziona anafuna kuwathamangira, ine ndinamugwira m'chiuno, tonse n'kugwera m'chinangwa. Kulira kunadutsa pakhomo, kunalowa m'kanjira, kunafika pabedi. Kunamveka pafupi kwambiri, ngati mwana ali pachifuwa pa a Makwinja. Kenako zii. Mphepo yozizira inatipyoza m'mafupa.

Ndiye kuchokera kunyumba kwanga kuja, kamwana kanang'amba kukhosi. Kulira kwenikweni, kwa njala, kwaukali. Tinamva Enelesi akufuula, "Wayamwa! Abambo, wayamwa!"

A Makwinja anamva. Ndikulumbira, ndinaona nkhope yawo ikumasuka. Koma mwendo wawo unaponda cham'mbuyo, kenako unzake. Poti anaima moyang'ana nyumba, ndipo chinthucho sichitembenuka, anayamba kuyenda chafutambuyo, maso ali kunyumba kwawo. Anadutsa m'chinangwa changa, anapyola mpanda wa minga osaumva, analowa m'minda ya mpunga. Amuna aja anawathamangira n'kuwagwira mikono, koma akuti zinali ngati ukugwira lole yoyenda, ndipo manja anachita dzanzi ndi kuzizira. Anawatsatira m'matope mpaka m'chiuno, kufikira pamene bango la kudambo, poti dambolo linazinga mudzi wonse, linawameza a Makwinja. Anafufuza ndi mabwato mpaka anatopa. Sanapeze ngakhale nsapato.

Ndaziona anatseka bowolo ndi manja ake, osalola munthu kumuthandiza. Sukulu anamaliza, pano akuphunzitsa zomwezo za madenga ndi makoma. Akuti akafika pa phunziro la khoma la pageti, ana asukulu amaseka, iye amangodikira amalize. Mwana uja anakula, ndi amene amatsogolera kwaya kumpingo kwathu kuja, mawu ake kumveka mpaka kumsika.

Ndiye iwe Lufeyo, njerwa ndi zako, nyumba ndi yako, ine sindikukakamiza. Koma khomolo ulisunthe pang'ono, mipando yako anthu adzaiona akalowa.

Chaka chatha, ndisanasamukire kuno, kunabwera wogulitsa matemba wochokera kutsidya kwa dambo, munthu wachilendo, wosadziwa za m'mudzi mwathu. Ndikusankha nsomba, iye amvekere, "Mayi, kwanu kuno kuli mayi wina dzina lake Enelesi?" Ndinati alipo, bwanji? Anati m'mamawa wina akupalasa bwato m'bango, anaona bambo wovala malaya a kutchalitchi ong'ambikang'ambika, akuyenda chafutambuyo, madzi osagwedezeka. Bamboyo sanatembenuze mutu, maso anali kumudzi kwathu kuja. Anangofunsa funso limodzi akudutsa.

"Kodi mwana wa Enelesi akuyamwabe?"

Wamatembayo akuti ndi mantha anangoyankha kuti eya, akuyamwa. Bamboyo anati, "Chabwino," n'kupitirira.